Mababu Awiri Omaliza

Zaka zimene matipate anali atangoyamba, ndinkakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina ku Matawale. Anthu anali ndi ludzu la nkhani masiku amenewo, ndiye wailesi ikangotsokomola pang'ono ankathamanga nayo kwa ine. Ntchito yake inali yosavuta, ndipo kunena zoona inkandigwetsa ulesi.

Tsiku lina kunafika mayi wina wachikulire wa ku Mtiya, akukankha yekha wilibala, m'menemo muli chibokosi chakuda. Inali ampulifaya ya gitala, yamakedzana, zija za mababu agalasi m'kati, zolemera ngati thumba la simenti. Anati ndi ya amuna awo, amene kale ankaimba m'bandi ku hotela ya pamwamba pa phiri asanalowe ukalaliki m'boma. Tsopano anali atapuma ntchito, akudwala mtima, miyendo yotupa, ndipo chimene chinkawadzutsa pabedi chinali gitala yokha.

"Yangosiya kulankhula, amisiri," anatero mayiwo. "Inanunkha chopserera, kenako zii."

Nditatsegula kumbuyo ndinapeza mababu awiri akuluakulu atapsa, ndi timaulusi toyera titamatirira pamabowo otulukira mpweya. Ndinafunsa za ulusiwo. Mayiwo anayankha monyadira kuti analuka okha kansalu ka maluwa, monga timachitira ndi wailesi kapena kabati, kuti katundu wa bambo asalowe fumbi komanso azioneka waulemu. Sankakachotsa ngakhale bambo akuimba. Kuseka kunandifika pakhosi koma ndinakumeza. Mababu amenewa amatentha ngati mbaula ndipo amafuna mpweya, ndiye chisamaliro cha mayiwo n'chimene chinawatsamwitsa. Ndinangowauza kuti kansaluko kazidikira chipangizo chizizire kaye.

Mwayi wake, pansi pa bokosilo panali mababu ena awiri okulungidwa m'sokosi, amene bambowo anasunga kuyambira masiku a bandi. Anali omaliza. Ndinali nditafunsapo kale mababu otere ku Limbe, eni masitolo n'kumandiseka kuti ndine wotsalira.

Mababu otere sumangowazika n'kuyatsa ayi. Kumbuyo kuli kasikuluwu kamene umapotokola uku ukuyang'ana mita yoyezera magetsi, kuti upime moto wodutsa m'mababumo ngakhale gitala ili chete. Ukauchepetsa, mababu amakhala zaka zambiri, koma mawu amatuluka ouma, opyapyala. Ukauwonjezera, mawu amanona, koma mababu amatha msanga. Ine ndine munthu woumira pa zinthu zosowa, mkazi wanga angachitire umboni. Choncho ndinauchepetsa ndithu, n'kudziyamikira kuti ndachita zanzeru.

Ampulifayayo ndinakaitula ndekha ku Mtiya Loweruka masana, chifunga chikutsetsereka m'phiri. Bambowo anali pampando pafupi ndi khomo, miyendo ataisanjika pakampando kena, gitala pachifuwa. Tinadikira kuti mababu afunde. Anaimba pang'ono, n'kuima. Anayesanso, kenako anagoneka dzanja pansambo.

"Ntchito mwagwira, achimwene," anatero mwaulemu. "Koma mawuwa si anga."

Ndinayamba kufotokoza za moto, za mita, zoti mababuwa ndi omaliza ndipo ndikawonjezera moto safika patali. Ndinalankhula kwambiri, monga timachitira amisiri tikafuna kuti mwini katundu atope avomere. Bambowo anangogwedeza mutu, n'kupempha kuti ndiwalandire gitalayo ndiitsamiritse kukhoma. Zinandipweteka kuona mmene anagonjera msanga.

Mayiwo anandiitanira kukhitchini ngati akufuna ndiwanyamulire chinthu. Titafika anatsitsa mawu.

"Amisiri, kuchipatala anatibweza. Anati tizikangowasamala kunyumba. Ndiye mababuwo mukusungira ndani?"

Moyo wanga wonse wa ntchito ndinkadziwa chinthu chimodzi, kuti mmisiri wabwino ndi amene chokonza chake chimakhalitsa. Sindinaganizepo kuti chinthu chingakhalitse mopanda phindu, mwini wake atapita.

Ndinabwerera pabalaza, n'kubwezera bambowo gitala yawo. Ndinagwada kumbuyo kwa ampulifaya, dzanja limodzi m'thumba monga mwa lamulo la ntchitoyi, chifukwa magetsi a m'menemo amapha. Ndinapotokola kasikuluwu kaja pang'onopang'ono, singano ya mita ikukwera, maso anga ali pamababu kuti chitsulo cha m'kati chisayambe kufiira. Bambowo ankakhudza nsambo imodzi, kumvetsera mpaka mawu athe, n'kukhudzanso. Tinatero kwa kanthawi. Kenako anatsinzina.

"Pomwepo, achimwene. Musasunthenso."

Anaimba mpaka dzuwa kupendeka, nyimbo zadansi zakalekale, zala zikuchedwa apa ndi apo koma osaima. Anthu oyandikana nawo anabwera kudzaima kumpanda. Mayiwo anakhala pakhonde, kansalu ka maluwa kaja atakapinda pamiyendo.

Bambowo anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Maliro anandipita, ndiye ndinakapepesa patapita masiku. Pakona ya pabalaza panali ampulifaya ija, itafunditsidwa kansalu kake bwinobwino mpaka kumbuyo. Mayiwo anaona kumene maso anga anali.

"Musadandaule, amisiri, ndi yozizira," anatero. "Mababu anu aja akadali amoyo."