A Msuzi ndi mabotolo a m'firiji

Ndinatsuka mabotolo m'labotale ija zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo mwa onse amene ndinagwira nawo ntchito, amene sachoka m'mtima mwanga ndi a Msuzi. Dzinali linachokera ku ntchito yawo. Ndiwo ankaphika msuzi wachikasu wodyetsa mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, m'mabotolo a khosi lalitali. Anali bambo wamfupi, wadazi lowala, ndipo jekete lawo loyera ankasita okha, ati akazi awo amapinda kolala mokhota.

Mabakiteriyawo sankawetedwa pachabe. Akatswiri anawaika malangizo m'kati kuti azipanga enzaimu ina, kanthu kamene kali m'thupi mwa munthu aliyense. Mwa munthu wodwala shuga, kanthuka kamasandutsa shuga wochulukayo kukhala zinthu zounjikana m'diso ndi m'mitsempha, mpaka munthu kuchita ng'ala ndi dzanzi kumapazi. Ofufuza ankaifuna yambiri kuti aziyeserapo mankhwala oifooketsa.

A Msuzi ankalera mabakiteriyawo m'makina aakulu ogwedeza, ofunda ngati thupi la munthu, ndipo ankawatchula kuti ana awo. Enzaimu yambiri inkatuluka youndana ngati mkaka wosasa, yopanda ntchito. Koma yochepa yabwino imene inkatsala inkakwanira kuti pulofesa, mkulu wa labotale, awagwire paphewa. Makinawo a Msuzi ankawapukuta m'mawa uliwonse, ndipo kiyi wake ankakhala m'thumba la pamtima.

Kenaka kunabwera mayi wina wochokera ku labotale ina, wofatsa, wa magalasi ochindikala. Tinkangomutcha Wamagalasi. Anamupatsa kamakina kakang'ono pakona. Iye ankalera mabakiteriya pofunda mpaka msuzi uchite mbuu, kenaka ankatsitsa kutentha, n'kudonthezamo mankhwala owadzutsa kuti ayambe kupanga enzaimu, n'kuwasiya agwedezeke pang'onopang'ono mpaka mawa. Botolo lake limodzi linatulutsa enzaimu yabwino yoposa ya mabotolo asanu a a Msuzi. Pulofesa anamugwira paphewa ife tonse tikuona.

Kuyambira tsikulo a Msuzi anasanduka munthu wina. Moni wa Wamagalasi ankayankha ndi mphuno. Pa nthawi ya tiyi ankabwera kusinki kwanga n'kumang'ung'udza kuti mwana wa dzuloyu akuzunza ana ndi chisanu, kuti ndi mwayi chabe, kuti magalasi si nzeru. Koma maso awo ankangokhala pakona paja. Ndinawapezapo kawiri akusuzumira m'kope la mayiyo, akunamizira kufuna cholembera.

"Bwanji osangomufunsa, achimwene?" ndinatero tsiku lina.

"Ine? Ndimufunse iyeyo? Achemwali, tsukani mabotolo."

Posakhalitsa pulofesa analengeza kuti kukufunika enzaimu yambiri yotumiza kwa ofufuza anzake. Aliyense mwa awiriwa alere mabotolo ake sabata imodzi, ndipo amene atulutse yochuluka ndiye atenge makina aakulu. A Msuzi anagwira thumba la pamtima osadziwa kuti aligwira.

Lachinayi ndinatsegula firiji yakale ya kuchipinda chosungiramo katundu, ndikufuna madzi ozizira. Kuseri kwa makatoni ndinapeza mabotolo asanu ndi limodzi, pa lililonse pali kamtanda kofiira kamene a Msuzi ankalemba pa zinthu zawo. Msuzi wake unali utadikha, mabakiteriya atakhazikika pansi ngati matope. Ndinazindikira zimene zinachitika. Anaona kuti chinsinsi ndi kuzizira, koma kufunsa kuti kuzizira kwake kotani kunawakanika pakhosi. Ndiye anati ngati kuzizira pang'ono kwamupatsa mayiyo zambiri, firiji iwapatsa iwo zoposa. Anaiwala zimene iwo omwe anandiphunzitsa, kuti m'firiji mabakiteriya amangogona, ndipo osagwedezedwa amasowa mpweya.

Nditawaitana a Msuzi, anabwera n'kuima pakhomo la firiji. Anandipempha kuti ndisauze munthu. Sindinauze aliyense, koma Loweruka ndinapita kwawo kukazonda akazi awo, amene shuga anali atawadya kale diso limodzi. Ndinapeza nkhaniyo yafika kale, chifukwa a Msuzi sankatha kubisira mkazi wawo kanthu. Mayiwo anakhala pampando wa pawindo, akusisita mapazi, n'kumawaseka amuna awo kuti akalamba ndi nsanje ya mitala.

"Bambo a kwathu," anatero, "diso langa latsalali silidzafunsa kuti enzaimuyo anapanga ndani."

A Msuzi anati akazi awowo sakudziwa za labotale. Mayiwo anati za labotale sadziwadi, koma mwamuna wouma khosi akumudziwa zaka makumi atatu.

Lolemba pa kuyeza, a Msuzi analibe choonetsa. Sananame kuti makina anavuta. Anatulutsa kiyi m'thumba, n'kumuika patebulo la Wamagalasi, osati m'manja mwake. Atatembenuka kuti azipita, anaima, n'kufunsa akuyang'ana khoma kuti kodi kutentha kuja amatsitsa kufika pati.

"Madigiri khumi ndi asanu ndi atatu, bambo," anayankha mayiyo. "Mukanandifunsa tsiku loyamba ndikanakuuzani. Msuzi umene ndakhala ndikugwiritsa ntchito ndi wanu womwe."

Ndinkayesa kuti mawu amenewa awaziziritsa mtima. Ayi ndithu. Madzulo ake anabwera kusinki, ati ndamva kodi, mayiyo wakhala akunenepetsa ana ake ndi msuzi wawo, kenaka n'kumalandira yekha dzanja la pulofesa.

Anakhala wophika msuzi zaka zina zisanu ndi chimodzi mpaka kupuma ntchito. Makina aakulu sanawakhudzenso, ngakhale ndinkawaona akutsinya nkhope akaona fumbi pachivundikiro. Koma msuzi wa Wamagalasi ankauphika mosamala kuposa kale, akuyeza mchere kawirikawiri, ndipo pa botolo lililonse ankalembapo kamtanda kofiira kakakulu, kuti aliyense woona enzaimuyo adziwe kumene inadya.

Ndinakawaona komaliza atakalamba kwambiri, akuwerengera akazi awo nyuzi pakhonde, poti diso lotsala lija linali litachita chifunga nalonso. Tisanathe n'kulonjerana komwe anandifunsa ngati Wamagalasi akadali ndi makina aja. Ndinati eya, ndipo tsopano ndiye mkulu wa labotale yonse. Anapinda nyuzi.

"Amawapukuta?"

Ndinati amawapukuta m'mawa uliwonse. Akazi awo anaseka mpaka kutsokomola, koma a Msuzi anangoyang'ana kumsewu, n'kunena kuti kumbuyo kwake, kumene kuli mawaya, n'zachidziwikire kuti safikako.