Zimene Sindinamve Sunachite

Ndinagwira ntchito yokankha odwala pachipatala cha m'tauni mwathu zaka makumi atatu ndi zinayi. Wokankha odwala salankhula zambiri. Amaima pakona ndi machira ake a matayala, n'kumaona. Madokotala ndinaona ambiri, koma wa manja ngati a Morven Geddes sindinamuone.

Morven ndi mwana wa konkuno, wa kumsewu wa kudoko. Bambo ake anali msodzi, ndipo banja la a Geddes limadziwika ndi kusalankhula. Anakaphunzira udokotala ku Aberdeen, n'kubwerera kudzagwira ntchito kungozi, mbali ya chipatala imene imalandira ovulala ndi odwala mwadzidzidzi. Ndinagwira naye zaka zitatu ndisanapume pantchito. Munthu akabwera akubanika, ena akufunafuna magolovesi, Morven amakhala atamugwira kale pamkono, atamuyang'ana milomo, atamvera chifuwa. Zonsezo osatulutsa mawu. Anamwino anazolowera kuwerenga nsidze zake.

Kuti dokotala akhale katswiri wa kungozi, pali mayeso. Olemba anakhoza ulendo umodzi. Anatsala a manja, ochitikira ku London. Kumeneko kumakhala tizipinda tondondozana, m'kachipinda kalikonse muli munthu wonamizira kudwala, ndi woyesa atakhala pambali ndi pepala lochongera. Belu likalira umalowa, likaliranso umatuluka. Amenewa analephera kawiri. Akuluakulu ake anamuuza kuti akalepheranso, malo a katswiri amene ankamusungira pachipatala chathu apatsa wina. Ndiye kuti akanakasaka ntchito kutali, n'kusiya mayi ake okha m'nyumba ya kudoko ija.

Ndinakumana naye m'sitolo ya nsomba mwezi wa Novembala.

"Bambo Cowie," anatero, "mungadwale Lamlungu masana?"

"Matenda anji?"

"Ndibwera nawo."

Anabweradi nawo, olembedwa pamapepala amene anamupatsa mnzake wina amene anakhoza kale. Pepala limodzi linali langa, londiuza pamene pakundipweteka. Lina linali la woyesa, la mizere makumi awiri. Limeneli analanda mkazi wanga Ishbel, amene ankaphika kusukulu ndipo amalankhulira tonse awiri. Anatenganso kawotchi kophikira mazira kuti kakhale belu, n'kukatchera pa mphindi zisanu ndi zitatu.

Ndinagona pasofa nditagwira pamtima. Morven anachita zake, mwachangu, mwakachetechete. Ishbel anachonga mizere yonse. Lamlungu lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi.

"Anthu a ku London aja ndi ansanje basi," anatero Ishbel akuthira tiyi. "Mwanayu sakulakwitsa kanthu."

Ndinkakumbukira masiku amene madokotala achinyamata ankayesedwa pachipatala pathu, ine ndikukankha zidole zophunzirira. Woyesa nthawi zambiri mutu umakhala pansi, maso papepala. Ndipo ngakhale akweze mutu, aona dzanja lili pamkono wa wodwala, koma sangaone zimene dzanjalo lapeza. Ishbel ankachonga chifukwa Morven amamudziwa kuyambira ali pamsana.

Lamlungu lachinayi ndinati, "Mayi, tatembenuzani mpandowo uyang'ane kuzenera."

"Mwatopa nayo nkhope yanga?"

"Tembenuzani chabe. Muzichonga zokhazo zimene mwamva."

Kawotchi katalira, Ishbel anakweza pepala m'mwamba, osacheuka.

"Itatu."

"Itatu?" Morven anadzidzimuka.

"Moni ndamva. Dzina lako ndamva. 'Pepani' ndamva. Kwinako ndimangomva akuluwa akubuula ngati ng'ombe."

"Koma ndasamba m'manja! Ndawagwira pamkono, mtima ukuthamanga, ndaona kuti akufunika mpweya."

"Wauza ndani? Mbalame zili padengazo? Zimene sindinamve sunachite, mwanawe."

Nkhope ya Morven inafiira mpaka m'makutu. Aka kanali koyamba kumuona atakwiya.

"Ndiye ndizilongolola ngati wailesi? Munthu akufa, ine ndili pa ulaliki?"

Ndinadzuka pasofapo. "Bambo ako," ndinatero, "akamaponya chingwe cha boti padoko, ankati chiyani?"

"Ankati, 'Chingwe!'"

"Munthu wosalankhula uja?"

"Kuti chisamenye munthu kumaso. Kuti wina achiwakhe."

"Eya."

Ndinagonanso, n'kugwira pamtima. Ishbel anatcheranso kawotchi.

Nyengo yonse yozizira ndinadwala Lamlungu lililonse. Ndinathyoka m'chiuno, ndinamwa mapiritsi ambiri, ndinafa ziwalo mbali imodzi, ndinaledzera n'kugwa pamasitepe. Za kuledzerazo Ishbel anati sindinafunike kuwerenga pepala. Tsiku lina iye anakhala mwana wa wodwala, wokwiya kuti bambo ake adikira maola asanu, ndipo analalata mpaka mnansi wathu anagogoda kufunsa ngati kuli bwino.

Poyamba mawu a Morven ankatuluka ngati akuwazula ndi pulayala. "Ndikusamba... m'manja." Ishbel, atagwira zoluka zake, nkhope kuzenera, ankangoti, "Sindinamve." Mizere inakwera kufika isanu ndi iwiri, kenaka khumi ndi iwiri. Sabata ina inatsikanso, chifukwa Morven anabwera atatopa, atagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi otsatizana, ndipo tsikulo tinalekera pomwepo, n'kungomwa supu ya nsomba. Ishbel anamulamula kuti azinena chilichonse, ngakhale patebulo. "Ndikuthira mkaka," ankatero Morven. "Ndikutenga sikono yachitatu, ndipo sindikuchita manyazi."

Mu Febuluwale namwino wina wakale, Catriona, anandiimitsa pamsewu.

"Inu a Cowie, dokotala wathu uja mwamudyetsa chiyani? Dzulo wanena mawu khumi mondondoza, ine mpaka ndinakhala pansi." Anaseka, kenaka anatsitsa mawu. "Koma anamwino atsopanowa apumula. Kale ankamuopa, samadziwa chimene akufuna. Pano amangomva, n'kuthamangira chinthucho."

Morven anakwera sitima ya ku London mu Malichi, atavala juzi imene Ishbel analuka atayang'ana kuzenera. Atabwerako tinamufunsa kuti zayenda bwanji. Anati, "Kaya." Mwana wa a Geddes. Zotsatira zinatenga masabata angapo. Masiku a Lamlungu amenewo ndinali bwinobwino, ndipo ndinasowa chochita. Ishbel mpando sanaubweze. Anati wazolowera kuona msewu.

Lamlungu lina dzuwa litayamba kufunda, chitseko cha kukhitchini chinatseguka popanda kugogoda.

"Ndalowa," anatero Morven. "Ndikuika nsomba zowamba patebulo, zachokera kwa amayi. Ndikusamba m'manja."

Madzi anatuluka pampopi. Ine ndinapinda nyuzipepala. Singano za Ishbel zinaima, koma sanacheuke.

"Ndikupukuta. Ndikukhala pansi." Anapuma kaye. "Ndakhoza."

"Sindinamve," anatero Ishbel.

"Ndakhoza, mayi Cowie! Sindikupita kulikonse!"

Pamenepo mpando unatembenuka. Ishbel analira, n'kumukalipira chifukwa chomuliritsa, n'kuliranso. Ine ndinakateleka madzi a tiyi.

Papita zaka zinayi. Morven ndi katswiri wa kungozi pachipatala chathu, ndipo akukhalabe ndi mayi ake kudoko. Kunja kwa ntchito sanasinthe. Mukakumana naye pamsewu amangogwedeza mutu. Madokotala achinyamata akayandikira mayeso awo, amawatumiza kwathu Lamlungu masana, awiriawiri. Chaka chino ndathyoka kale m'chiuno kasanu.