Mlamba Waukulu Usapite kwa Mpongozi

Mayi wogulitsa nsomba, uja wa benchi la pafupi ndi mpopi wa mumsika, adakulira m'mamba a nsomba. Zala zake zidachita zipsera ndi minga, ndipo chikondi amachidziwa njira imodzi: nsomba yoposa zonse sagulitsa, amapita nayo kunyumba kwa amene ali pamtima pake.

Chaka chino wapamtimayo ndi mpongozi wake, mkazi wa mwana wake, yemwe ali ndi pakati. Koma anamwino adauza mtsikanayo kuti asadye milamba ikuluikulu ya m'damu, poti okumba golide kumtunda amatayira mekyule m'madzi. Poizoniyo amaunjikana m'nsomba zokalamba, n'kukawononga ubongo wa mwana ali m'mimba. Mayiyo zidamuwawa, koma adamvera. Adayamba kubwera ndi tinsomba ting'onoting'ono, anthu n'kumamujeda kuti akumumana mpongozi wake.

Vuto lidali mwamuna wake, mkulu womva theka la nkhani pa wailesi, theka linalo n'kumalizitsa yekha.

"Mukuzunziranji mwana wa eni?" adatero bamboyo. "Pa wailesi anena kuti m'nsomba mumakhala mchere wina wotchedwa seleniyamu. Ameneyo amagwira mekyule n'kumumanga manja."

"Nsomba zonse? Za m'damu lathuli anaziyeza?"

"Akuti akufufuzabe. Kenako batire linatha."

Mayiyo adatopa nazo. Mdzukulu woyamba, munthu n'kumutsamiritsa pa wailesi yakutha batire?

Tsiku lina msodzi adabweretsa mlamba wonga mwendo wa munthu. Mayiyo atapita kukatunga madzi, bambo uja adaunyamula mwakachetechete. Pofika kunyumba, mayiyo adapeza waphikidwa kale, mpongozi atakhala pamkeka, mbale ili pamiyendo, maso ali pansi. Akadakana bwanji chakudya chochoka m'manja mwa apongozi aamuna?

Mayiyo adalanda mbaleyo, mamba akadali m'zikhadabo, n'kuitsitsa patsogolo pa mwamuna wake.

"Idyani ndinu, bambo. Seleniyamu wanuyo ngati alimo, akuthandizani. Ngati mulibe, ubongo wanu mwaugwiritsa kale ntchito. Wa mwana ali m'mimbayu sunayambe n'komwe."

Bamboyo adayang'ana mlambawo nthawi yaitali, osaukhudza. Mayiyo adamasula mpango, natulutsa tinsomba take tija, n'kupita kukayatsa moto.