Mavavu Awiri m'Chitenje cha Amayi

Amayi anandidzutsa kusanache, azimayi a kwaya akuimbabe motopa pasiwa. Anandikokera kuchipinda komwe kunali makina a atate omvetsera nyimbo. Mgodi utagulitsidwa, atate n'kuchotsedwa ntchito, tsiku lawo linkathera pa kabokosi kamodzi ka makinawo, komwe mawu amayamba adutsamo asanafike ku masipika. M'kati mwake munali timababu tagalasi, eni ake ankati mavavu. Ankazula awa n'kuikapo ena, kenako n'kutifunsa ngati tamva kusiyana. Ine sindinkamva kanthu, ndinkangovomera kuti andisiye.

Koma amayi ankamva. Ankadziwanso kuti tikachoka kumanda, achibale a atate ochokera ku Chipata agawana katundu, ndipo atate aakulu anali atayamba kale kuwaponyera diso makinawo. Za mipando amayi analibe nazo ntchito. Pa makinawo ndi pomwe ankamvetsera kaseti ya kwaya imene atate ankaimbamo besi. Ndinawaunikira ndi tochi, iwo n'kuzula mavavu awiri abwino, kuwamanga pansonga ya chitenje, n'kuikapo otha ntchito omwe atate anawaponya kalekale m'kachitini.

Kunacha ndi mitambo, koma mvula inatilemekeza. Anthu anadzaza pabwalo, ena ochokera kumsika wa Chisokone, ena pa maminibasi a ku Ndola. Anansi athu Abemba anachita chimbuya, mwambo wonyogodolana ndi ife a ku Chipata pa maliro, ndi mtima wonse. Anasonkha moto, anaphika, natipaka ufa kumaso, akuti mbewa za mu Kitwe zipuma tsopano poti mlenje wazo wapita. Ndinaseka pa maliro a atate anga, ndipo sindinachite manyazi. Ulendo wonse wa kumanda amayi anakhala m'lole dzanja lili m'chiuno, osalola munthu kuwakumbatira mbali imeneyo.

Titabwerako, atate aakulu analamula kuti makina ayatsidwe. Makinawo analira ngati njuchi, kwaya ikumveka ngati ikuimbira m'chitsime.

"Ndiye izi m'bale wanga anatayirapo nthawi?" anatero, nasankha njinga.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba ili zii, amayi anabwezera mavavu aja m'malo mwake. Tinadikira kuti afunde. Besi ya atate inadzaza chipinda, mpaka kupuma kwawo kunkamveka. Tikumvetsera choncho, chitseko chinatseguka. Anali atate aakulu, basi itawasiya.

Ndinachita mantha. Anayang'ana makina, nayang'ana amayi. Amayi anatambasula dzanja kuti azimitse.

"Iyayi mulamu, lekani," anatero iwo.

Anakhala pasimenti, poti mipando inali itapita, namvetsera mpaka kaseti inatha. Kenako anayamba kuseka, misozi ikutsika m'masaya.

"Mwanichenjelela, mulamu," anatero. "Sungani, ni vanu. Koma bwezelani poyamba."