Tochi ya azakhali

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba, ine wa sukulu ya kumudzi. Nkhani yake ndi yaing'ono, ya tochi ya azakhali amene anandilera ku Senga Bay.

Tochiyo anabwera nayo malemu amuna awo kuchokera ku Joni. Inali ndi mabatire awiri otchaja, akale, olemera ngati miyala ya pa ukonde. Azakhali ankaunikira popita kudoko kukagula usipa, ndipo tochi ina iliyonse ankaikana. "Iyi ndi ya bambo ako," ankatero, kunena amuna awowo.

Mabatire atayamba kufooka, ndinachita zimene kwathu timachita ndi a wailesi, kuwayanika padzuwa. Dzuwa labwino linali pathandala loyanikapo usipa, choncho ndinkawaika pakona, pambali pa usipa. Ogula usipa ankaseka.

"Mayi, awiri onenepawo mukuchita zingati?"

"Amenewo ndi a mwana wanga, simungakwanitse," ankayankha azakhali.

Tsiku lina ndinaona ufa woyera pamutu pa batire limodzi. Ndinapita nawo kwa bambo wokonza mafoni pamsika.

"Umawasunga kuti?" anafunsa.

"Pathandala, bambo."

"Pa nsomba? Iwe, ukufuna a ku Lilongwe azidya usipa wowala?"

Atatha kuseka anandiuza kuti m'kati mwake muli poizoni. Sayandikira chakudya, satayidwa m'nyanja kapena pamoto. Lotuluka ufalo anati lafa. Linalo analikhudzitsa pang'ono mawaya a batire la galimoto kuti lidzidzimuke, nkuliphatikiza ndi lina lakale. Tochi inayakadi, koma pakutha pa milungu ingapo inazimanso.

Usipa wa pakona paja azakhali anaukwirira osandikalipira. Chimene ndinkaopa chinali kuwaona akuika tochi ija m'sutikesi, osaigwiritsanso ntchito. Ndinabwerera kwa bambo aja, ndipo ndikuyang'ana pansi ndinafunsa ngati batire lamakono lingalowemo. Anapala m'kati, nalumikiza mawaya, batire nkulowa. Akale aja tinawatsekera m'botolo, iwo nkuika m'ndowa ya mabatire akufa imene amasunga kuseri kwa shopu.

Azakhali analandira tochiyo ndi manja awiri, naiyeza m'dzanja.

"Yaonda," anatero. "Mwaichita chiyani?"

Anaidina, kuwala kunagunda khoma, iwo nkuseka.

"Basi, nayonso yakalamba ngati ine, koma ikuona."

Anaiika m'dengu lawo la kudoko. Linali Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala.