Chipini cha Papepala

Lero ndikusongolera mwana wanga lapisi yolembera, fungo lake landibwezera kumsika wa Lichinga, chaka chomwe tinabwerako ku Malawi nkhondo itatha.

Bambo wina wachilendo ankatiyang'anitsitsa, lapisi yake ikuthamanga papepala. Amayi anandikokera kumbuyo kwawo.

"Wakutumani ndani? Nkhope yanga mukupita nayo kuti?"

Bamboyo anangotembenuza pepalalo. Inali mizere yochepa chabe, yofifitizidwa ndi chala, koma anali amayi enieni. Pamphuno anawaika chipini, chomwe ine ndinali ndisanawaonepo nacho.

Mawu a amayi anatsika. "Chipinichi ndinavula tisanathawe. Inu munandionera kuti?"

Amayi anandifinya dzanja mpaka kupweteka, chala chawo china chikufunafuna pamphuno kabowo kotsekeka kalekale.