Nambala ya Chitupa cha Bambo

Dzulo mdzukulu wanga anabwera ndi masamu a kusukulu. "Agogo, tchulani nambala yaikulu iliyonse, ndione ngati imagawika." Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panatuluka 104729.

Ku Mufakose, komboni yomwe ndinakulira, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati, bambo ankatilowezetsa nambala imeneyi tikatha pemphero la madzulo, nyumba yonse ikununkha palafini. Inali ya chitupa chawo. Ankati, "Apolisi akadzanditenga, musakatchule dzina langa, azungu salidziwa. Mukatchule iyi."

Poti inkabwera pambuyo pa Ameni, ine ndinkaiyesa mawu a Mulungu. Tsiku lina ku Sande sukulu anati aliyense anene vesi la pamtima. Ndinaimirira, manja kumbuyo, n'kuilakatula yonse.

"Limeneli lili m'buku liti?" anafunsa aphunzitsi.

"La bambo."

Ananditsina khutu mpaka linatentha.

Mdzukulu uja anadinadina foni yake. "Iyi siigawika, agogo. Imangolola wani ndi iyo yomwe."

Boma la azungu lija linagwa, bambo tinawaika, mavesi onse ndinaiwala. Yatsala ndi nambala yokhayi, yathunthu, ndipo ndikuona kuti pachipata cha kumwamba ndikalakatula yomweyi.